Batur, Bromo kapena Ijen: Gulu Lanu Likadikirire Dzuwa Paphiri Liti?

Anzanu anayi kapena asanu mukagwirizana zopita ku Indonesia kwa masiku ochepa, nkhani ya phiri siichedwa kubuka. Wina anaona chithunzi cha phiri lofuka utsi litazingidwa ndi nkhungu, wina anaona malawi abuluu akuyaka mumdima, wina akungofuna kuti akabwerera kwawo azikanena kuti anakwerapo phiri lamoto. Zithunzi zonsezo ndi zoona, koma sizinajambulidwe malo amodzi. Indonesia ili ndi mapiri ophulika oposa 120 amene sanazime, ndipo atatu mwa iwo ndi amene amagulitsidwa kwambiri kwa ofuna kukaona dzuwa likutuluka: Batur pachilumba cha Bali, ndi Bromo ndi Ijen kum'mawa kwa chilumba cha Java.

Pa mapepala otsatsa malonda maulendo atatuwa amaoneka ngati amodzimodzi. Akutengani usiku, mufika pamwamba kusanache, mudya kadzutsa, mubwerera. Kusiyana kwake kumamveka m'miyendo, m'chifuwa ndi m'maso osowa tulo. Musanayambe n'komwe kufunsa mitengo, yang'anani kaye mnzanu uja amapuma wefuwefu akakwera masitepe, ndi uja amayenda ndi mankhwala a mphumu m'chikwama. Gulu likakhala pamtunda usiku silingawasiye panjira, choncho phiri limene musankhe liyenera kukhala loti iwo akafika.

Batur: la amene ali kale ku Bali

Pa atatuwa Batur ndiye lalifupi, mamita 1,717. Lili ku Kintamani, m'boma la Bangli, ndipo linamera mkati mwa chigwa chachikulu chimene chinatsala phiri lakale litaphulika n'kutitimira, chigwa cha makilomita pafupifupi 14 mulitali ndi 10 mulifupi. M'chigwa chomwecho muli nyanja ya Batur, yaikulu kuposa zonse za pachilumbachi. Phirili linaphulika komaliza mu 2000. Mu 1926 chiphalaphala chake chinakwirira mudzi wa Batur, ndipo anthu anasamukira pamwamba pa khoma la chigwa pamodzi ndi kachisi wawo, Pura Ulun Danu Batur, amene ali pomwepo mpaka lero. Miyala yakuda bii imene imaoneka m'munsi mwa phiri ndi chiphalaphala chouma cha kuphulika kwa m'zaka za pambuyo pake, makamaka kwa mu 1963.

Ubwino waukulu wa Batur ndi wakuti simusamuka pogona. Ngati muli ku Ubud galimoto imakutengani cha m'ma 2 koloko usiku. A ku Kuta, Seminyak kapena Canggu amanyamuka cha m'ma 1 koloko. Kukwera kumayambira kufupi ndi nyanja, cha ku Toya Bungkah, nthawi itayandikira 4 koloko, ndipo munthu wamphamvu zapakatikati amafika pamwamba pakatha maola awiri. Dzuwa limatuluka 6 koloko itangokwana kapena kupitirira pang'ono. Kukakhala kopanda mitambo mumaona phiri la Abang kutsidya kwa nyanja, Agung kumbuyo kwake, ndipo kutali uko, pachilumba cha Lombok, nsonga ya Rinjani. Pofika masana mwabwerera kuchipinda kwanu.

Njira yake siyoopsa koma siyoseweretsa. Chigawo choyamba ndi msewu wodutsa m'minda, kenako miyala, kenako mchenga wakuda umene phazi likaponda limabwerera m'mbuyo. Potsika m'pamene anthu amagwa kwambiri, miyendo italema, maso ali pa foni. Simudzakhala nokha ngakhale pang'ono: m'nyengo ya alendo ambiri matochi amandandalika kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo pamalo opapatiza mumaima kudikira apatsogolo. Otsogolera njira a m'deralo ali ndi bungwe lawo, ndipo kukwera popanda mmodzi wa iwo kumadzetsa mikangano pachipata. Ine sindiona chifukwa cholimbana nawo. Phirili ndi lopatulika kwa eni dera, ntchitoyo ndi imene imawadyetsa, ndipo gulu likagawana mtengo wa wotsogolera siliumva kulemera. Funsani chabe kuti wotsogolera mmodzi ayenda ndi anthu angati. Akakhala mmodzi pa anthu anayi kapena asanu, wotsalira amakhala ndi womudikira.

Pamwamba amakuphikirani mazira ndi nthochi pa nthunzi yotuluka m'ming'alu ya phiri. Apusi a kumeneko amadziwa nthawi ya kadzutsa kuposa inu, ndiye chikwama chizikhala chotseka. Ambiri akatsika amakaviika miyendo m'madzi otentha a ku Toya Bungkah. Ngati m'gulu muli wina amene sangakwere, pali majipi amene amafika pamalo ena otsikirapo oonera dzuwa n'kudzazungulira pa miyala yakuda ija, moti gulu litha kugawikana usiku n'kudzakumana kumadzi otentha. Pa mapiri atatuwa, Batur ndi pamene kugawikana kotere kumatheka mosavuta.

Chofooka chake n'chakuti phiri lophulika lenilenilo simuliona bwino, poti mwaliponda. Muli ndi dzuwa, nyanja ndi kanthunzi. Amene anabwerera utsi ndi mkokomo adzaona ngati amuchepetsera.

Bromo: phiri loonera patali, ndi njira zitatu zolifikira

Bromo ndi lija la pazithunzi, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachidziwa atafika kale: dzuwa silidikiridwa pamwamba pa Bromo. Mumakaima pa khoma la chigwa chachikulu cha Tengger, kumpoto kwake, n'kumayang'ana pansi. Kukayamba kuyera mumaona nkhungu itadzaza chigwa, phiri la Batok ndi mizere yake yotsetsereka, Bromo pambali pake likufuka, ndipo kumbuyo kwenikweni Semeru, la mamita 3,676, lalitali kuposa onse ku Java, limene limatulutsa kamtambo ka phulusa pafupipafupi. Bromo palokha ndi la mamita 2,329. Mumalikwera pambuyo pake, kutacha, mutawoloka chipululu cha mchenga chimene chili pansi pa chigwacho.

Izi zikutanthauza kuti mbali yaikulu ya ulendowu itha kuyendedwa pa galimoto, n'chifukwa chake gulu losakanikirana, la agogo, achinyamata ndi onenepa, ndingalilozere kuno. Komatu njira yofikira ndiyo imasintha zonse.

Yoyamba ndi ya pakati pa usiku kuchokera ku Malang kapena Surabaya. Akutengani cha m'ma 12 koloko usiku, muyenda maola atatu kapena kuposerapo, mbali ina pa jipi yogwedeza m'misewu yokhotakhota, mufika pamalo oonera kukadali mdima, mubwerera mumzinda masana. Simulipira malo ogona kuphiri, ndipo kwa amene ali ndi tsiku limodzi lokha palibe kuchitira mwina. Mtengo wake weniweni ndi usiku wathunthu wopanda tulo. Wina wosachedwa kuchita nseru m'galimoto adzafika pamwamba atatheratu. Ndi njira ya anthu awiri atatu ozolowerana, osati ya gulu limene lili ndi ana.

Yachiwiri ndi kukagona ku Cemoro Lawang, kamudzi kamene kali pamlomo penipeni pa chigwa, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200. Mumafikako kudzera ku Probolinggo, kumene sitima yapamtunda yochokera ku Surabaya imafika pakatha maola awiri, kenako galimoto ola limodzi ndi theka kukwera phiri. Mukafika madzulo mumaona chigwa kusanade, mumagona 8 koloko, jipi imabwera cha m'ma 3 koloko. Malo ogona ambiri ndi wamba, ndipo mtengo wake umaposa ubwino wake. Funsani ngati madzi osamba otentha alipodi. Majipi ake ndi ma Toyota Land Cruiser akalekale, ndipo imodzi imanyamula anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi mothinana. Apa masamu a gulu amagwira ntchito. Jipi imalipiridwa yathunthu, ndiye mukakhala asanu mwapindula, mukakhala asanu ndi awiri mufunika ziwiri, ndipo mukakhala awiri mwina muphatikizidwa ndi alendo ena amene nthawi yawo si yanu. Ku Probolinggo kuli anthu okopa alendo amene amauza wongofika kuti basi kulibe kapena msewu watsekedwa n'cholinga chomugulitsa ulendo wawo. Galimoto yokwera nayo phiri ikonzedwe musanatsike sitima.

Yachitatu, imene ine ndimaikonda, ndi kugona ku Cemoro Lawang komweko koma kupita koonera dzuwa wapansi. Kuchokera m'mudzi kukafika pa Seruni Point ndi ola limodzi, poyamba msewu wodutsa m'minda ya anyezi, kabichi ndi mbatatesi, kenako masitepe. Kupitirira mpaka pa King Kong Hill ndi pafupifupi maola awiri, ndipo chigawo chomaliza ndi kanjira kadothi kofuna tochi yabwino. Mumapewa mzere wa majipi, umene masiku otanganidwa umatalika mwakuti okwera amatsitsidwa kutali n'kumalizabe wapansi kapena panjinga yamoto. M'njiramo muli timalo tambiri toti gulu n'kukhala palokha. Kuipa kwake n'kwakuti mukatsika muyenera kupezanso njira yowolokera mchenga kupita ku Bromo, wapansi kapena panjinga yamoto, ndipo dzuwa likakwera fumbi la majipi limakhala mbuu.

Malo oonera otchuka kwambiri ndi Penanjakan, pamtunda wa mamita 2,770. Ndi okwera kuposa ena onse ndipo chigwa chonse chimaoneka bwino, koma ndi pamenenso pamadzaza anthu. King Kong Hill ndi Bukit Cinta ali m'munsi pang'ono pa msewu womwewo. Kusiyana kwa zimene maso amaona n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa chigulu. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi a ku Indonesia, makamaka sabata yotsatira Eid, anthu a m'dzikomo amabwera ochuluka zedi. Gulu limene lingathe kusankha Lachiwiri kapena Lachitatu lisankhe.

Za kuzizira musazitenge mopepuka poti mwamva kuti Indonesia ndi dziko lotentha. Mu Julayi ndi Ogasiti kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu ndi pa mchenga, kuposa m'mawa wa ku Dedza mu Juni, ndipo inu mukhala mutangoima osayenda kwa ola lathunthu kapena kuposa. Dzuwa kuno limatuluka msanga, pakati pa 5 koloko ndi hafu pasiti 5 kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi mwezi. Pamalo oonera pali obwereketsa majekete ndi ogulitsa zipewa, magolovesi, khofi ndi nthochi zokazinga, koma ndalama ikhale ya m'manja.

Kutacha, jipi imakutsitsani pa mchenga, patali ndithu ndi phiri. Mumadutsa kachisi wa Pura Luhur Poten, kukwera kachitunda ka phulusa, kenako masitepe pafupifupi 250. Pali akavalo obwereka ofika m'munsi mwa masitepe. Ena mwa akavalowo amaoneka otopa ndi owonda. Amene miyendo ili bwino angoyenda, ndi mphindi 30 kapena 40 basi. Pamwamba pali kampanda kakafupi, ndipo kamathera panjira. Pansi pa dzenje la phirilo pamamveka mkokomo wosalekeza, fungo la sulufule lili gu. Mu Juni 2004 phirili linaponya miyala mwadzidzidzi n'kupha alendo awiri. Linachitanso ukali kuyambira kumapeto kwa 2010 mpaka 2011, pamene phulusa lake linaimitsa ndege zopita ku Bali, komanso mu 2015 ndi 2016. Akatseka njira ya kudzenje ndiye kuti atseka, ngakhale mwalipira kale.

Kachisi ujayo si chokongoletsa. A Tengger, eni dera lino, ndi Ahindu pakati pa chilumba cha Asilamu ambiri, ndipo chaka chilichonse pa mwambo wa Yadnya Kasada amakwera usiku kukaponya mbewu, nkhuku, mbuzi ndi ndalama m'dzenjemo. Amati makolo awo, Roro Anteng ndi Joko Seger, anali osabereka, anapempha ana kuphiri, anapatsidwa 25, ndipo womaliza, Kusuma, phiri linamutenga monga mwa pangano. Tsiku la mwambowu limatsata kalendala yawo, ndipo m'zaka zaposachedwa oyang'anira paki ya Bromo Tengger Semeru akhala akutsekera alendo kwa masiku angapo nthawi imeneyi. Paki imatsekedwanso pa zifukwa zina. Mu Seputembala 2023 anthu ojambula zithunzi zokonzekera ukwati anayatsa zamoto zokongoletsera chithunzi pa udzu wouma, moto unapsereza mahekitala mazanamazana, ndipo malowo anatsekedwa pafupifupi milungu iwiri. Matikiti masiku ano amagulidwa pa intaneti, alendo akunja amalipira zambiri kuposa nzika, ndipo pali malire a chiwerengero cha olowa patsiku. Amene akukutengani anene momveka ngati tikiti ili m'kati mwa mtengo.

Ijen: la amapapo abwino

Ijen ndi lina ndithu. Lili kumapeto kwenikweni kwa Java, pakati pa Banyuwangi ndi Bondowoso, ndipo m'chigwa chake muli nyanja yobiriwira mokongola, pafupifupi kilomita imodzi mulifupi ndi mamita 200 kuya, imene madzi ake ndi asidi woopsa, pH yake (muyeso wa ukali wa asidi, umene ukamachepa ndiye kuti asidiyo ndi waukali kwambiri) yosafika ndi 1 yomwe. M'mphepete mwa nyanjayo mpweya wa sulufule umatuluka m'ming'alu uli wotentha mpaka madigiri 600, ndipo ukakumana ndi mpweya wa kunja umayaka malawi abuluu. Malawiwo amayaka usana ndi usiku koma amaoneka mumdima mokha.

Kukwera kumayambira pa Paltuding, ola limodzi kapena kuposerapo pa galimoto kuchokera ku Banyuwangi. Chipata chimatsegulidwa 2 koloko usiku. Njira ndi yotakata, makilomita atatu kukafika pamlomo wa chigwa, koma chigawo chapakati ndi chokwera mosapumira, chodya mawondo. Ola limodzi ndi theka kapena awiri. Kuchokera pamlomo, wofuna malawi amatsikanso mphindi 45 m'kanjira kamiyala kopapatiza, mumdima, atavala chigoba chosefa mpweya, akusemphana ndi ena okwera.

Apa gulu liyenera kugwirizana lisananyamuke, chifukwa malawi ndi kutuluka kwa dzuwa zimalimbirana nthawi. Kuti muone malawi muyenera kukhala pansi kusanayere, ndipo kuti muone dzuwa muyenera kukweranso n'kuyenda m'mphepete mwa chigwa kukafika pamalo oonekera bwino. Othamanga amakwanitsa zonse ziwiri. Gulu la anthu asanu ndi mmodzi, loti wina akufuna kupuma, wina akufuna chithunzi, kawirikawiri limapeza chimodzi. Kunena zoona, kutuluka kwa dzuwa kwa pa Ijen sikufika pa kwa Bromo, poti dzuwalo limatulukira kuseri kwa phiri lina. Chokoma ndi nyanja ija ikamasintha mtundu pang'onopang'ono kuwala kukamafika. Ndipo malawiwo alibe lonjezo: masiku ena ndi aakulu, masiku ena ndi timalawi tobisika mu utsi, ndipo nthawi zina oyang'anira amaletsa kutsikira m'chigwa.

Utsi wake si wa masewera. Mphepo ikatembenuka umakukutani, maso amayaka, kukhosi kumatseka, ndipo chigoba chobwereka chimene sefa yake yatha ntchito sichithandiza kwenikweni. Mu Malichi 2018 mpweya woipa wochokera kuno unadwalitsa anthu pafupifupi 30 a m'midzi ya m'munsi. Kuyambira mu Januwale 2024 aliyense wokwera amafunika chikalata cha dokotala chosonyeza kuti ali bwino, ndipo zipatala zazing'ono za ku Banyuwangi zimapereka mutayezedwa. Musachione ngati kapepala kongodutsira pachipata. Wa mphumu, wa vuto la mtima, wothamanga magazi kwambiri, mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono asatsikire m'chigwamo, ndipo gulu lisawakakamize ndi mawu oti tabwera kale. M'mphepete mwa chigwa namonso mulibe mpanda m'malo ambiri. Mu Epulo 2024 mlendo wina wochokera ku China anagwa n'kumwalira akujambulitsa. Dziwaninso kuti Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse Ijen imatsekedwa kuti ayeretse, ndipo mu Julayi 2024 inatsekedwa kwa milungu ingapo phiri litayamba kugwedezeka.

M'kanjira kotsikira kaja mumakumana ndi okumba sulufule. Pansi pamenepo anaika mapaipi amene mpweya umadutsamo n'kusanduka madzi ofiira, amene akazizira amauma n'kukhala miyala yachikasu. Amuna amaiphwanya ndi zitsulo, kuilongedza m'madengu awiri olumikizidwa ndi nsungwi, n'kusenza paphewa makilogalamu 70 mpaka 90 kukwera nayo. Pa kilogalamu amalandira ma rupiah (ndalama za ku Indonesia) ongopitirira 1,000 pang'ono. Njira ndi yawo, inu ndinu odutsa: mukamva nsungwi ikulira kumbuyo, patukani, ndipo musamuwalitse tochi kumaso munthu wosenza katundu. Mukafuna kumujambula pemphani ndipo mupatseni kanthu. Ambiri a iwo tsopano amakoka alendo pa tingolo ta matayala awiri kuchokera pa Paltuding kukafika pamlomo, amuna awiri kapena atatu pa mlendo mmodzi. Ena amachita nazo manyazi. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi imawalipira bwino kuposa sulufule ndipo siiwononga mapapo, choncho wofooka m'gulu akwere ndi mtima umodzi, alipire mtengo umene agwirizana osanenerera mpaka kumufinya munthu. Koma kangoloko kamathera pamlomo. Kumalawi aliyense amapita ndi miyendo yake.

Nanga kuphatikiza?

Makampani ambiri amagulitsa Bromo ndi Ijen pamodzi, masiku atatu ndi usiku uwiri, kuyambira ku Surabaya, Malang kapena Yogyakarta n'kukathera padoko la Ketapang, pamene sitima yowolotsa imakufikitsani ku Gilimanuk, ku Bali, pafupifupi ola limodzi. Pamapu zimaoneka zoyandikana. Koma kuchoka ku Cemoro Lawang kukafika ku Banyuwangi pa galimoto ndi maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Ndiye taonani: mwadzuka 3 koloko, mwazizidwa, mwakwera masitepe, mwakhala m'galimoto mpaka madzulo, mwakayezetsa kwa dokotala, mwagona maola atatu, pakati pa usiku akugogodanso pachitseko kuti mukakwere phiri lovuta kuposa la dzulo. Ochokera ku Yogyakarta amayamba ndi tsiku lathunthu la pamsewu. Ena amawonjezerapo mathithi a Tumpak Sewu, amene nawonso ali ndi chitsetse chake. Mikangano ya m'gulu imabadwira m'galimoto yachiwiriyo.

Ngati gulu likufunadi onse awiri, liwonjezere usiku umodzi ku Banyuwangi wongogona, ndipo pakati pa Probolinggo ndi Banyuwangi likwere sitima yapamtunda, maola anayi kapena asanu, muli mpando wanu, chimbudzi ndi malo otambasula miyendo. Kuwonjezanso Batur pamwamba pa awiriwa n'kungodzizunza. Mukaona Bromo ndi Ijen, Batur alibe chatsopano chokupatsani chimene chingalipire usiku wachitatu. Owoloka asaiwale kuti nthawi ya ku Bali ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Java, ndipo kuchokera ku Gilimanuk kukafika ku Ubud ndi maola ena anayi.

Pa ndalama, Batur ndi wotchipa kwa amene ali kale ku Bali, poti mumangolipira galimoto, wotsogolera ndi kadzutsa, kuwonjezera pa msonkho wa alendo wa ma rupiah 150,000 umene Bali inayamba kutolera pa 14 Febuluwale 2024 kwa aliyense wochokera kunja. Ijen payokha siidula, koma kukafikako kuchokera ku Bali n'kubwerera usiku womwewo, monga ena amagulitsira, ndi maola ambiri a pamsewu kuposa a paphiri. Bromo ndi amene mtengo wake umadalira kwambiri kuchuluka kwanu chifukwa cha jipi ija.

Nyengo ndi imodzi kwa onse atatu. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala kapena Okutobala kumakhala kouma, ndipo mwayi woona dzuwa ndi waukulu. Disembala mpaka Febuluwale ndi mvula; mutha kukwera n'kukangoona nkhungu yokhayokha, ndipo njira ya Ijen ndi ya Batur zimaterera. Ku Bali kuli tsiku la Nyepi, kawirikawiri mu Malichi, pamene chilumba chonse chimakhala zii kwa maola 24, bwalo la ndege lotseka, palibe wotuluka panja ngakhale mlendo.

Chimene palibe kampani ingalonjeze ndi khalidwe la phirilo. Bungwe la boma loona za mapiri ophulika, PVMBG, limaika phiri lililonse pa umodzi mwa magawo anayi a chenjezo, kuyambira lotsika mpaka loopsa kwambiri: Normal, Waspada, Siaga ndi Awas, ndipo limalengeza pa tsamba la MAGMA Indonesia mtunda umene anthu sayenera kuyandikira. Mmodzi m'gulu apatsidwe ntchito yoyang'ana tsambali sabata yonyamuka ndi usiku woti mawa mukwera. Phiri loyandikana nalo lithanso kukusokonezani: mu Novembala 2017 phulusa la Agung linatseketsa bwalo la ndege la Ngurah Rai kwa masiku angapo, anthu masauzande ambiri n'kusowa pothawira. Musaike kukwera phiri pa tsiku lomaliza ndege isananyamuke.

Polipira, musatumize ndalama zonse pasadakhale. Perekani chikole, zotsala mukaonana maso ndi maso, ndipo wosunga thumba la gulu akhale mmodzi. Musanatumize chikolecho, amene akukutengani alembe pa WhatsApp zinthu izi: jipi kapena galimoto ndi yanu yokha kapena muphatikizidwa, malo oonera dzuwa ndi ati mwa dzina, tikiti ya paki ndi chikalata cha dokotala zili m'kati kapena ayi, zigoba za mpweya n'zingati, ndiponso ndalama zingati zibwezedwa phiri likatsekedwa m'mawa wa tsiku lanu.